Zitini za a Fyson m'munda wa mpunga

A Fyson Chimango aphunzitsa Sitandade 3 m'chigwa cha Bwanje kwa zaka pafupifupi makumi awiri. Ndi munthu wowonda, wa njinga yopanda mabuleki, ndipo kuyambira kale amati mwana amagwira zinthu msanga akamasewera. Zitsekerero za mabotolo ndi njere za bwemba zinkawathandiza kuposa choko.

Koma chaka chilichonse mpunga ukayamba kucha, kalasi lawo linkaphwa ngati chithaphwi. Ana ankatumidwa kukaingitsa mbalame. Ankakhala m'munda tsiku lonse, akukoka zingwe zomangirira zitini kuti zizisokosa.

Chaka chimenecho mtima wawo unali pa Ida, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu amene anali atabwereza kalasilo kawiri. Mayi ake, a Selestina, anali atanena kale poyera.

"Aphunzitsi, akalepheranso basi, achoke. Sindingamadyetse munthu wongokalambira pa benchi."

Masamu ndiwo ankamugwetsa, ndipo mayeso anali pafupi. A Fyson anaganiza zoti sukulu iwatsatire ana kumundako. Anagula penti, nalemba manambala pa zitini khumi ndi ziwiri, nkuzimangirira m'munda wina wa pafupi ndi ngalande. Iwo ankaima pamtumbira nkufuula funso. Wodziwa yankho ankathamangira chingwe cha chitini choyenera.

"Sikisi kuphatikiza faifi!"

Ngwe ngwe ngwe! Ida anali atakoka kale.

"Iii, agogo a kalasi adzuka lero!" anatero mnzake wina.

"Agogo ako omwewo akusiya. Koka tione, nkhono iwe!" anayankha Ida akuseka.

A Fyson anali asanamumvepo Ida akuseka. Masana amenewo anapalasa njinga akuimba.

Chimene sanachiganizire nchakuti mwana aliyense anali ndi munda wakwawo woti aulonde. Masewero atakoma, onse ankaunjikana pamalo amodzi. Munda wa kwa Ida unali kumapeto, pafupi ndi bango momwe mbalame zimagona. Masiku anayi okha anazikwanira kumaliza mpunga wonse.

A Selestina sanakalipe. Anabwera kusukulu ndi ngala za mpunga m'chitenje, nazikhuthula patebulo. Zinali zopepuka, mankhusu okhaokha.

"Mwanena kuti akudziwa masamu tsopano," anatero motsitsa mawu. "Awerengetu izi, atiuze tidya mpaka mwezi uti."

"Mayi, cholakwa ndi changa. Muloleni angolembako mayeso. Kwatsala milungu isanu."

"Milungu isanuyo adyera kwanu?"

A Fyson anayang'ana pansi. Kwawo kunali ana asanu ndi mmodzi m'zipinda ziwiri.

Loweruka lomwelo Ida anapita ku Sharpevale kukalera mwana kwa anthu a golosale. Makolo ena nawo anadandaula, ndipo a hedi analetsa zophunzitsira kumunda.

A Fyson akuphunzitsabe. M'kalasi masewero sanawasiye, ngakhale kuti masiku ano safuula monga kale. Tsiku lina atapita kukagula sopo anamupeza Ida pakhonde la golosale, khanda la eni ake lili kumbuyo. Mtsikanayo anagwada.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi? Anzanga aja anakhoza?"

"Anakhoza, mwanawe."

"Nanenso ndikanakhoza, eti?"

"Ukanakhoza."

M'nyumba wina anaitana mwaukali, ndipo Ida anadzuka nkulowa. A Fyson anakankha njinga mpaka kumsewu, sopo osagula.