Khutu la m'Pikapu ya Bwana

Amayi anga akamandipesa tsitsi Loweruka ankakonda kundichenjeza kuti, "Esinati, munthu wamkulu akakuuza chinsinsi iwe uli mwana, dziwa kuti wakutuma." Ine mawuwo ankangondidutsa. Ndinkayesa kuti ndi zolankhula za munthu wotopa ndi fodya.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinkakhala pa esiteti ina pakati pa Nsaru ndi Kabudula, kumene Abambo anadzagwira utenanti kuchokera kwathu ku Phalombe. Matipate anali atangobwera kumene, ndipo pa wailesi ankati tsopano aliyense ali ndi ufulu wolankhula. Koma pa esiteti pathu ufuluwo unkathera pamene paima pikapu ya bwana.

Inali pikapu yoyera, yogulidwa kwa mwini wina. Pakati pa mipando iwiri yakutsogolo, kumbuyo kwa giya, panali kachinthu kakuda kapulasitiki kooneka ngati dzanja lofumbata pang'ono. Kanali ndi waya wopotanapotana, ndipo injini ikalira kankayatsa kanyali kobiriwira. Kanali kogwirira foni. Bwana akamapita ku tauni ankakhazikamo foni yawo yaikulu ija, koma kwathu kuno netiweki sinkafika, choncho masiku ambiri kankangokhala kopanda kanthu, kakuphethira. Ife tonse tinkakatchula kuti khutu la bwana.

Dzinalo silinabwere lokha. Chaka cham'mbuyo tenanti wina anadandaula za kapitawo ali m'pikapumo, ndipo sabata isanathe anali atamanga katundu. Anthu atadabwa kuti nkhaniyo yafika bwanji kunyumba yaikulu, adalaivala, a Lufeyo, ndi amene anawamasulira. Anati kachinthuko kamatola mawu n'kuwasunga, bwana n'kudzamvetsera akalowetsamo foni. Anthu amene anakula m'masiku oti ukayankhula mosasamala umasowa sanafune umboni wina. Kuyambira pamenepo, munthu akakwera pikapu, ngakhale kumbuyo kwenikweni pa matumba, ankangoti duu. A Lufeyo ankatithandiza kukumbukira. Wina akayamba kutsegula pakamwa, iwo ankaloza kanyali kaja ndi chibwano, n'kuika chala pamilomo. Tinkawakonda chifukwa cha zimenezi. Anali munthu wanthabwala, wonyamula amayi apakati osawalipiritsa, ndipo ana tonse tinkawaitana kuti amalume.

Mvula ya chaka chimenecho inatipeza tili pa njala. Phoso, chimanga chimene bwana ankapereka kwa matenanti mwezi ndi mwezi, linkabwera lofumbwa. Ukatsegula thumba, anankafumbwe ankatuluka ngati nyerere, fungo lake lachinyontho n'kudzaza nyumba. Ufa wake unkawawa kukhosi. Mng'ono wanga ankatsegula m'mimba pafupifupi sabata iliyonse. Abambo ndi mnansi wathu, a Mussa a ku Machinga, ankanong'onezana m'chigafa, pansi pa fodya wopachika. A Mussa ankadziwa kulemba. Ndinamva kuti alemba kalata yoti akaipereke ku ofesi yoona za apantchito ku Lilongwe, ndipo awiriwo analumbirirana kuti wina asadziwe mpaka kalatayo itafika.

Tsiku lina m'mawa ndikuchokera ku mjigo, ndinapeza a Lufeyo atatsegula zitseko zonse za pikapu pansi pa mtengo wa mango, atagwada, mutu uli mkati.

"Esinati! Tula ndowayo, bwera nato timanja takoto."

Ndinayandikira koma ndinaima pataliko, maso ali pa kachinthu kaja.

"Usaope, injini ndazimitsa, kagona. Bwana atopa nako. Akuti kakungodya malo, alibe poika magalasi ndi mapiritsi awo. Akuti kachoke lero."

Masikulu awiri apamwamba anali atamasula kale. Awiri ena anali pansi, pothina, pamene dzanja lawo silinkalowa. Anandipatsa sikuludalaiva yaifupi n'kundisonyeza kopotokolera. M'galimotomo munkanunkha dizilo ndi sopo wa bwana. Ndinagona chafufumimba pampando umene sindinalotepo kuukhudza, tsaya lili pa chikopa chotentha, ndikupotokola pang'onopang'ono mpaka sikulu yoyamba inagwera m'dzanja langa, kenako yachiwiri. A Lufeyo anakoka, kachinthuko kanazuka ndi mawaya atatu ngati chinangwa chotuluka ndi mizu. Anadula mawayawo ndi pulayala, anakulunga nsonga zake ndi tepi yakuda, n'kuzikankhira mkati. Pamalopo panatsala dzenje lokwana mbale yaing'ono. Anayalamo kansalu, n'kuikamo chikwama cha magalasi ndi kabotolo ka mapiritsi.

"Basi," anatero akupukuta manja. "Lero galimoto yagontha. Ungathe kutukwana mpaka ku Nsaru, palibe womva. Koma iwe, zimenezi ndi za ine ndi iwe. Usauze munthu, wamva? Tenga, ukataye kudzala."

Kudzala sindinapite. Ndinakabisa m'chitenje, ndowa pamutu. Ndisabise, ndinali wonyada. Chinthu chimene chinkatseka pakamwa amuna akuluakulu chinachoka ndi manja anga. Ndinathamangira kuchigafa kumene makolo anga ankasoka fodya, n'kukaponya pamphasa patsogolo pawo.

Abambo anakatola, anakatembenuza, anakayeza kulemera m'dzanja. Amayi sanakakhudze n'komwe.

"Wakupatsa ndani?"

"Amalume a Lufeyo. Ndamasula ndekha. Akuti ndisauze munthu."

"Nanga ife ndife mitengo?" anatero Amayi. "Chotsa chimenecho pano. Kataye."

Ndinakasomeka mu udzu wa denga, kuseri kwa nyumba.

Patapita masiku anayi Abambo anadzitema ndi chikwanje paphazi podula mitengo yochirikizira chigafa. Bala linatupa mpaka chidendene. Kapitawo analola kuti akwere pikapu imene inkapita ku Kabudula kukatenga mchere, kuti akawaone kuchipatala. Amayi sakanasiya fodya ndi mwana wodwala, choncho ananditumiza ine kuti Abambo azitsamira paphewa langa. Chifukwa cha phazilo anatikhazika kutsogolo. Ine ndinapanikizika pakati, bondo langa likukhudza dzenje lija.

Msewu unali woterera, dzuwa likuswa mtengo mvula itangokata. Titadutsa dambo, a Lufeyo anayamba.

"Achimwene, chimene mwalandira mwezi unochi, kodi ndi chimanga kapena utuchi?"

Abambo anaseka pang'ono. Maso awo anapita pakati pa mipando mwachizolowezi. "Tikudya," anatero.

"Mukudya? Ine ndawaona alamu akusefa katatu. Zimandiwawa, eti. Nafenso a chiwongolero ndife akapolo omwewo, kusiyana kwake ife timakhala pampando."

Abambo anangoyang'ana pawindo. Ndinawaona akumeza mawu, monga ankachitira zaka zonse, ndipo zinandipweteka kuti ntchito yanga sakuikhulupirira. Apa ndi pamene pali mlandu wanga, ndipo ndaufotokoza m'mutu mwanga kambirimbiri osapeza poupeputsira. Palibe anandifunsa kanthu. Ndinatulutsa chikwama cha magalasi ndi kabotolo kaja, ndinanyamula kansalu, n'kulowetsa dzanja m'dzenjemo.

"Abambo, musaope. Taonani, mulibe kanthu. Ndinachotsa ndekha."

A Lufeyo anaseka mpaka kumenya chiwongolero. "Mwamumva makanika wanu?"

Abambo anayang'ana m'dzenjemo nthawi yaitali. Kenako anapumira m'mwamba ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni, ndipo mawu anayamba kutuluka. Sindinawamvepo akulankhula chotero. Anati chimanga chimenechi ngakhale nkhuku imachiyang'ana n'kupita. Anati mwana wawo akutha thupi iwo akusamalira fodya wa munthu wina ngati khanda. A Lufeyo ankangovomereza, "Zoona, achimwene, zoona." Tisanafike ku Kabudula, Abambo anali atanena za kalata, kuti alemba ndi a Mussa, kuti phazi likangopola apita nayo. Anafunsanso ngati tsikulo a Lufeyo angawasiye pa Nsaru mwakachetechete kuti akakwere minibasi.

"Zimenezo musadandaule," anatero a Lufeyo. Pobwerera anatigulira nzimbe.

Linali Lachitatu. Lachisanu m'mawa kapitawo anabwera kudzaitana Abambo ku ofesi. Ndinapita nawo chifukwa sankatha kuponda. A Mussa tinawapeza ali kale pakhonde, chipewa chili m'manja, kalata ija ili patebulo la bwana. Kapitawo anali ataipeza pansi pa mphasa ya a Mussa.

Bwana sanakweze mawu. Anavula magalasi, anayang'ana Abambo, n'kunena kuti, "Ndiwe amene chimanga changa nkhuku imachiyang'ana n'kupita?"

Poyamba ndinaganiza za denga lathu. Ndinati kachinthu kaja ndinakabweretsa ndekha kunyumba, kakhala kakumva zonse usana ndi usiku. Koma kenako ndinakumbukira kuti mawu a nkhukuwo Abambo sanawanenepo kunyumba. Anawanena kamodzi kokha, pamsewu wa ku Kabudula, tili anthu atatu. Dzanja la Abambo linafinya phewa langa mpaka kupweteka, ndipo ndinadziwa kuti nawonso awerenga anthu atatu omwewo.

Anatipatsa mpaka masana. Fodya wathu yense, wa chaka chathunthu, tinamusiya akulendewera m'chigafa atayamba kufiirira bwino. Ndisanatuluke ndinasolola kachinthu kaja padenga n'kukaponya m'chimbudzi.

Inatinyamula ndi pikapu yomweyo, woyendetsa ndi yemweyo. Mabanja awiri tinadzazana kumbuyo ndi mphasa, mapoto ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo. Akazi a a Mussa, a Asiyatu, anali ndi pakati potopa. Anakhala pa mtolo wa zovala, ndipo galimoto ikagwa m'dzenje ankagwira mimba ndi manja awiri osatulutsa liwu. Pa Nsaru a Lufeyo anatsika, anatithandiza kutsitsa katundu pafupi ndi msika, n'kuima pamaso pa Abambo ndi nkhope yachisoni.

"Pepani, achimwene. Kaya mwina munatsalira kawaya kena."

Pikapu itachoka, a Mussa anatembenukira Abambo.

"Achimwene, si paja tinalumbira? Mwana ameneyu akabadwira kuti tsopano?"

"Ndalakwa ndine," anatero Abambo. "Pakamwa panga pandipereka, pakuperekaninso inu."

Sananditchule. Sanandiyang'ane n'komwe. Ine ndinali pomwepo, nditanyamula mng'ono wanga kumsana, mawu ali pakhosi akuti, ndine, ndinawauza kuti asaope. Sanatuluke. Madzulo a tsikulo a Mussa ndi banja lawo anakwera lole yopita cha ku Kasiya kukafuna esiteti ina yowalandira pakati pa nyengo. A Asiyatu anachita kukwezedwa ndi anthu awiri. Sindinamvenso za iwo mpaka lero.

Ife tinatsala pa Nsaru. Kubwerera ku Phalombe chimanjamanja Abambo anachita nako manyazi. Banja lina la aphunzitsi a kumpingo linatibwereka khitchini yogonamo, pambuyo pake kamunda. Abambo anakhala munthu wa maganyu, wotsimphina, wosalankhulalankhula. Sukulu ndinalekera pomwepo. Nditakula, iwo atadwala matenda awo omaliza, ndinayesa kamodzi kuitsegula nkhaniyo. Ndinati, "Abambo, tsiku lija m'galimoto..." Anandidula. "Unali mwana. Anakuuza kuti masula, unamasula." Ndinafuna kunena kuti kumasula anandiuzadi, koma kutulutsa magalasi aja sanandiuze munthu. Anatembenukira kukhoma.

Lero ndili ndi zidzukulu zitatu, ndipo anthu a pano amati ndine wovuta. Sakunama. Mlendo akandipatsa moni wautali, ndimayang'ana manja ake. Mpongozi wanga akandiuza kuti, "Amayi, khalani omasuka, tili tokha," ndimayamba kukamba za mvula. Ana amandiseka poganiza kuti ndimaopa mafoni awo. Foni sindiiopa ine. Chimene ndazindikira n'chakuti pulasitiki ija sinamvepo liwu ndi limodzi lomwe, komabe inkatiteteza, chifukwa poiopa tinkatseka pakamwa pamaso pa munthu amene tinkayenera kumuopa. Mantha athu anali olozera kolakwika, koma anali mpanda. Bwana ankangofuna poika magalasi. Ine, pofuna kuti andione kuti ndachita chachikulu, ndinagwetsa mpandawo n'kuitana Abambo kuti adutse.

Ndazindikiranso china, mochedwa. Kusakhulupirira munthu sikunabweze fodya uja, ndipo sikunapepese kwa aliyense. Kwangondisiya pakhomo popanda mapazi a alendo. Amuna anga anatisiya, ana ali ku tauni, ndipo masiku ena dzuwa limalowa ndisanamve dzina langa m'kamwa mwa munthu.

Ndiye inu amene mwawerenga izi, mukadzafika pa Nsaru tsiku la msika, mudzafunse nyumba ya a Esinati ogulitsa mtedza wokazinga, mudzandizonde. Mudzagogode kawiri, munene dzina lanu ndi kumene mwachokera. Ndidzachedwa kutsegula, musadzakhumudwe, ndi mmene ndinakhalira. Koma ngati amayi anu anali a Asiyatu a ku Machinga, ndipo anakuuzani kuti munatsala pang'ono kubadwira pa lole ya ku Kasiya, inu musadzagogode. Mudzangolowa, mukhale pampando. Ndili ndi mawu amene ndinalephera kuwauza atate anu.