Chimanga cha Majini

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene mvula inatithawa, njala n'kulowa m'nyumba zambiri za kwathu ku Ngungu. Nshima tinkadya kamodzi patsiku, ndipo mbale inkaoneka pansi msanga. Wailesi ya Atata sinkakamba nkhani ina koma ya chimanga chothandiza anjala chochokera kunja, chimene boma lathu linachikana. Ena ankati boma lachita bwino, ena ankati n'kulakwa kukana chakudya ana akulira. Ine zambiri zinkandidutsa, koma liwu limodzi linandikakamira m'khutu: ankati asayansi asintha majini a chimangacho.

Majini ndinkawadziwa bwino, kapena ndinene kuti ndinkaganiza choncho. Kusukulu tinkaopsezana nawo tsiku ndi tsiku. Mnzanga Chilufya, yemwe sankasowa yankho pa chilichonse, anandimasulira nkhani yonse pa nthawi yopuma.

"Ukadya chabe, jini ingena mumala, uyamba kukamba weka monga ofunta," anatero. "Elo uzachiziba, sichili choyera monga chathu. Chili na mawangamawanga."

Lachinayi lina Amama atapita ku chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndinkasesa m'chipinda chawo. Tsache linagunda chitini pansi pa bedi. Nditatsegula, mtima unangoti myuu. Munali chimanga chamawangamawanga, njere zofiira, zakuda, zachikasu, zonse zopakidwa phulusa ngati mankhwala a sing'anga. Ife kumunda wathu waung'ono kuseri kwa njanji tinkabzala choyera cha m'sitolo, ndipo chamtundu uwu ndinali ndisanachionepo. Ndinaganiza kuti njala yawasokoneza Amama mpaka kukatenga mobisa chimanga cha majini, ndipo mawa lake tidzachidya tonse.

Sindinafunse munthu. Ndinanyamula chitinicho n'kukachikhuthula kudzala kuseri kwa nyumba, mtima uli mbee kuti ndapulumutsa banja. Nkhuku za aneba, zomwe nazonso zinali pa njala, sizinadikire kuitanidwa.

Amama atabwera, ndinawathamangira kukadzitama. Anamvetsera, kenaka anathamangira kudzala kuja ali chivalire yunifolomu yawo yoyera, napirikitsa nkhuku, n'kukhala pansi pafumbi pomwepo.

"Mayo ine! Tisa, wanipaya," anatero. "Ni mbeu ija, mwana iwe! Amalume ako anaibweresa kuchoka ku Petauke. Manje mvula ikabwera tizashanga chani?"

Apo m'pamene ndinamva zonse. Chimanga chathu chinali chitapserera m'munda, ndipo mbewu ya m'sitolo sitikanaikwanitsa chaka chimenecho. M'chitinimo munali chimanga cha makolo, chimene agogo awo a Amama ankabzala. Anachibisa kuti ife ana tisachikazinge, ndipo phulusa lija linali loteteza kwa anankafumbwe. Ndinachita manyazi osaneneka, ndipo ndinaopa kuti chaka chamawa tidzagonanso ndi njala chifukwa cha ine.

Ndinkayembekezera shamu, koma Amama sanandimenye. Anandipatsa kapu.

"Tola. Imozi imozi. Usanyamuke mpaka nikuuze."

Ndinagwada padzala paja dzuwa likuswa mtengo, ndikupalasa m'makoko a nthochi, m'phulusa ndi m'zitosi. Mawondo anatupa, zala zinanunkha. Chilufya anasuzumira pampanda, ataona mmene zinalili anazimiririka. Pofika madzulo kapu inali itadzaza. Zina zonse zinali m'mimba mwa nkhuku, ndipo palibe nkhuku imene inayamba kuyankhula yokha.

Atata atabwera kuchokera kuntchito kunjanji, anayesetsa kudziletsa koma analephera, anaseka mpaka kukhosomola. Amama anawayang'ana kamodzi, kuseka kuja n'kuthera pompo. Kenaka Atata anandiitana n'kundigwira mphuno.

"Iyi mphuno ya bwino so unaichosa kuti?"

"Kuli imwe, Atata."

"Ndiye majini amene bakamba pa wailesi. Si viwanda iyayi. Ni tunthu tung'ono tumene tupangisa mwana kupalana na makolo bake. Na chimanga chili nato."

Anandifotokozera kuti iwo ankagwirizana ndi boma, chifukwa ankaopa kuti anthu akalandira njerezo adzabzalako, mungu wake n'kusakanikirana ndi chimanga chathu, ndipo tsiku lina mlimi sadzakhalanso mwini wa mbewu yake. Amama sanavomereze msanga. Iwo anati boma likakana chakudya libweretse china, chifukwa mwana wanjala sadya mfundo. Anakangana mpaka nshima kuzizira, koma pa kapu ija panalibe mkangano. Amama anathiramo phulusa latsopano n'kuiika pamwamba pa kabati, poonekera aliyense.

Mvula itagwa, ndinabzala ndine, njere ziwiri paphando. Inangokwana mizere yochepa chabe, ndipo ndinkaiyendera ngati wodwala. Sitinadyeko ngakhale chinsononkho chimodzi chaka chimenecho, zonse tinasungira mbewu. Chaka chotsatira chitini chija chinadzaza, Amama n'kugawirako amayi anzawo a kutchalitchi.

Lero mkangano wa chimanga chosinthidwa sunathe. Umabwerabe pa wailesi, ndipo m'minibasi anthu amaukwezera mawu. Ine ndimakonderabe mbewu ya makolo, sindibisa. Koma ndikamva munthu akukana chinthu, kapena kuchilandira, ndimayamba ndamufunsa ngati akuchidziwa, pakuti ndinaona ndekha kuti mantha opanda funso amayamba kutaya za m'nyumba mwako. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadyetsa nkhuku.

Kuseri kwa nyumba yanga ku Natuseko kuli mizere ya chimanga chamawangamawanga, zidzukulu za kapu ija. Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi anapeza chitini cha phulusa m'khitchini. Sanachitaye. Anabwera nacho kwa ine, nati, "Amama, ichi n'chani?" Ndinasiya zimene ndinkachita, ndinamukhazika pansi, ndipo ndinamugwira mphuno.