Zilembo zitaunjikana pa botolo la mankhwala a ng'ombe

Zinayamba ndi botolo la mankhwala a nkhupakupa. Ndinaligula pa msika wa Lundazi nthawi yokolola chimanga. Nditafika kwathu ku Magodi, ndinakhala pafupi ndi khola kuti ndiwerenge muyezo. Zilembo zinali zitaunjikana ngati nyerere pa fupa. Ndinkaziona, koma mawu osatuluka.

Sukulu ndinalekezera giledi seveni. Komabe m'mudzi mwathu, wofuna kupopera ng'ombe amabwera kwa ine kuti ndimuwerengere muyezo. Ukachulutsa mankhwala, ng'ombe imafa. Palibe ng'ombe inafapo chifukwa cha ine.

Ndinaganiza kuti wogulitsa wandipatsa mankhwala achinyengo, osindikizidwa mwakuba. M'mawa mwake ndinapalasa njinga kubwerera kuboma, ndipo ndinamukalipira pamaso pa anthu. Iye anatenga botolo lija nawerenga osadodoma. Ndinati waloweza. Ndinagula magalasi a maso, koma sizinasinthe. Kenako ndinayamba kukayikira a Zimba, oyandikana nawo khola, amene amasirira ng'ombe zanga, kuti mwina andilodza. Mutu unkandiwawa chakumbuyo, ndipo ndinkagunda zinthu za kudzanja lamanja. Sindinauze munthu. Obwera ndi mabotolo ndinkawabweza, kuwauza kuti ndatanganidwa.

Patapita masabata, mwana wanga Tiwonge anandikakamiza kupita kuchipatala. Tinakhala pa benchi mpaka masana. Namwino anandiyeza pamkono nati, "Adada, BP yanu yakwela maningi. Munali kuti masiku onse aya?" Anatitumiza ku Chipata, kumene anandijambula mutu.

Dokotala anati maso ali bwino, koma kamtsempha kanatsekeka mu ubongo, pafupi ndi malo ozindikira mawu. Sindinakhulupirire. Ine ndinkadziwa kuti munthu amawerenga ndi maso. Iye analemba mawu akuti "chimanga" mothinana, ndipo anandikanika. Anawalembanso motalikitsa zilembo pang'ono. Ndinawerenga. Kachitatu anatalikitsa kwambiri, mawu aja nabalalika, kutsala zilembo zoima pazokha. "Zikathinana, ubongo wanu ukuzisakaniza," anatero. "Zikatalikirana kwambiri, ukulephera kuzimanga pamodzi. Ukufuna mpata wapakati."

Anandipatsa mapiritsi a tsiku ndi tsiku, nandiletsa mchere wambiri. Anandiuzanso kuti ndiziwerenga m'mawa uliwonse mawu olembedwa motalikitsa. Ndinaona ngati akundibweza ku giledi wani kuti anthu andiseke, choncho ndinkawerengera m'munda wa fodya, kopanda munthu. Mvula isanagwe, mawu afupiafupi anayamba kubwera okha. Aatali anachedwa.

Lero ndimalima ndipo ndimayenda ndekha kukatenga mapiritsi. Anthu abwereranso ndi mabotolo awo. Tiwonge amakopera muyezo pa katoni motalikitsa zilembo, ine n'kuwerenga. Ndimamuuza akopere kawiri, chifukwa ana a masiku ano amafulumira. Zilembo zazing'ono za pa botolo sizinabwerere, ndipo dokotala sanandilonjeze kuti zidzabwerera. Anangoti ndikanafika tsiku loyamba lomwelo, mwina zikanapepukirako.

Inu amuna anzanga, kuwerenga kukakusokonekerani mwadzidzidzi, musadikire. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, akakuyezeni BP. Benchi la kumeneko ndi louma, ndipo mudzakhalapo nthawi yaitali. Khalanipo.