Wapolisi wa Jekete ndi Mlongo Wake

Ndinakwatira ku Biriwiri, ndipo ndinakhala pachikamwini zaka zisanu ndi chimodzi tisanamange pathu. Apongozi anga anali mayi wamasiye, mlimi wa kabichi ndi mbatata ya kachewere, munthu wosaseka chisawawa. Ine ndi iwo tinkasunga mwambo mpaka kupyola muyeso. Tikakumana panjira, wina ankapatukira m'chimanga. Iwo akakhala m'nyumba, ine panja. Kwa zaka ziwiri mawu awo amene ndinawamva anali a moni basi, nawonso olankhulira kumbali ngati akulonjera mtengo wa mapeyala.

Zinthu zinasintha mlamu wanga wa ku Joni atatumiza TV, dishi, sola ndi batire. Anaziika pabalaza pa apongozi. Lamlungu lililonse folo koloko masana pankaonetsedwa sewero la apolisi a kunja ofufuza milandu ya kupha, ndipo apongozi analigwera m'chikondi tsiku loyamba lomwe. Vuto linali Chingerezi cha m'mphuno chija. Mkazi wanga nthawi imeneyo ankakhala ali kukwaya, ndiye wotsala wodziwa Chingerezi pakhomopo ndinali ine, mphunzitsi wa sitandade sikisi.

Koma mkamwini angakhale bwanji chipinda chimodzi ndi apongozi? Anaganiza okha nzeru yake. Anatuma mkazi wanga kuti andiikire mpando pakhonde, pafupi ndi zenera. Katani ankaikokera pambali, iwo n'kukhala m'kati atandifulatira, ine n'kumaonera TV pamwamba pa duku lawo ndi kumamasulira mokweza ngati ndikulankhula ndi mphepo.

Woonera wachiwiri anali mnzawo wa ponda apa m'pondepo, mayi wa Chisilamu amene anali ndi golosale kumsewu. Tinkangowatcha mayi a pagolosale. Ankabwera ndi mtedza wokazinga m'kapepala, ndipo aliyense wolowa m'seweromo ankamugamula asanatsegule n'komwe pakamwa.

“Ndi ameneyu wapha munthu. Taonani makutuwo.”

“Ameneyo ndi m'busa, mayi,” ndinkatero ine pazenera.

“Ndiye mwati abusa sapha?”

Akuluakulu a m'seweromo anali awiri: wapolisi wamwamuna amene sankavula jekete lake lakuda, ndi mnzake wamkazi wovala magalasi. Amayiwa anangowatcha wajekete ndi wamagalasi. Lamlungu lachitatu awiriwa anakhala m'galimoto mvula ikugwa, wajekete n'kugwira dzanja la wamagalasi, n'kumuuza ndi mawu onjenjemera kuti usiku sagona chifukwa cha iye.

“Akuti chiyani, aphunzitsi?” anafunsa apongozi.

Mawu ngati amenewo ndiwatulutse ine, pakamwa panga pomwepa, alowe m'khutu mwa mayi amene anandiberekera mkazi?

“Akuti, mlongo wanga, sindikugona, amayi akudwala kumudzi.”

“Ooo! Kani ndi munthu ndi mlongo wake?”

“Bere limodzi, amayi.”

Ndinaganiza kuti bodzali lifa sabata yomweyo. Koma opanga sewerolo anali ngati akugwirizana nane. Kwa zaka zinayi awiri aja ankangoyang'anana. Akati ayandikizane, foni inkalira, kwinakwake kwapezeka mtembo, onse n'kuthamanga. Ine ntchito yanga inali kuchapa mawu achikondi aja mpaka ayere. Wajekete akanena kuti maso a mkaziyo ndi okongola, ine ndinkati akufunsa ngati feteleza anafika kumudzi. Wamagalasi atapeza chibwenzi, wajekete n'kumayenda atakwinya nkhope ndi nsanje, ndinafotokoza kuti wakwiya chifukwa mwamunayo sanatumize ankhoswe.

“Akulondola!” anakuwa mayi a pagolosale. “Mlongo wa munthu si nkhuku yongotola panjira.”

Ndisaname, ndinayamba kukoma nazo. Ndinawapekera amalume ovuta, munda wolimbirana, ngakhale ng'ombe imene inathyoka mwendo. Ndipo malipiro anga ndinkawaona. Apongozi anayamba kundipatsira chimanga chootcha pazenera, dzanja lokha kutulukira, nkhope ili uko. Mkazi wanga anandiuza kuti kumjigo ankauza anzawo kuti mkamwini wawo Chingerezi amachimwa ngati thobwa. Pakhomo pamene mkamwini sakula mwendo, mawu amenewo ndinkagona nawo ndikumwetulira.

Tsiku lina wajekete anavula jekete lake koyamba n'kumufunditsa wamagalasi, amene ankanjenjemera atapulumuka kwa achifwamba. Kenako ndinamva apongozi akuuza mnzawo motsitsa mawu:

“Achimwene anga anali otere. Tinabadwa awiri okha. Anamwalira ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri. Ndikamuona uyu, ndimaona iwo.”

Tsiku limenelo ndi limene ndikanaulula. Koma zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine ndinalinda naye limodzi.

Chaka chachinayi analengeza kuti sizoni ikubwerayo ya sewerolo ndi yomaliza. Nkhani inali yomweyo paliponse pamene panali dishi. Chiyambire sewerolo panali chigawenga china chosaoneka nkhope chimene apolisi aja ankachisaka, ndipo aliyense anali ndi munthu wake womuganizira. Mayi a pagolosale analumbira kuti ndi bwana wa apolisiwo, chifukwa munthu wa mimba yotero sangaipeze ndi ntchito ya boma yokha. Apongozi ankati ndi dokotala wa apolisiwo, wong'amba mitembo.

“Munthu wodya sikono pafupi ndi maliro, mumuone bwino,” ankatero.

Ankatsutsana mpaka mtedza kutha, wina kulozana chala ndi mnzake, kenako onse n'kutembenukira mbali ya zenera kuti ndiweruze. Koma chimene apongozi ankaopa kwenikweni chinali chimodzi. “Asamuphe wajekete. Mlongo wake atsala ndi ndani?”

Sabata imeneyo ndinapita ku Ntcheu boma pa za ntchito. Ndikudikira minibasi yobwerera, ndinati ndifufuze pafoni mathero a sewerolo kuti ndikawatonthoze. Wajekete sankafa ayi. Chimene ndinaona chinali choposa imfa: chithunzi cha iye atavala suti, wamagalasi atavala velo, atagwirana m'chiuno kutsogolo kwa tchalitchi. Kondakitala anachita kundikoka malaya kuti ndikwere.

Madzi anali atafika m'khosi. Loweruka m'mawa, apongozi ali kudimba, ndinakwera pamakwerero kuti ndikhotetse dishi pang'ono, zithunzi zizingodukaduka mpaka sizoni ithe. Mkazi wanga anandipeza ndili m'mwamba, sipanala ili kukamwa. Ndinatsika n'kumuuza zonse. Anaseka mpaka anakhala pansi, misozi mbwembwembwe, akumenya dothi ndi chikhatho.

“Ng'ombe yothyoka mwendo ijanso ndi yanu?”

“Ndithandize, iwe. Ukawauze ndiwe, ndi amayi ako.”

“Munalima nokha, abambo. Kololani nokha. Ndipo dishiyo muisiye mmene ilili.”

Ndinagona ndikuganiza, ndipo ndinadzuka ndi nzeru imene ndinaiona ngati ya Solomo. Kwathu kuno asuweni amakwatirana, palibe amene amadabwa. Pankangofunika masabata atatu: loyamba apeze kalata yakale m'sutikesi ya amayi awo, lachiwiri amalume aulule kuti wamagalasi ndi mwana wawo amene anangoleredwa pakhomopo, lachitatu ukwati uyende bwinobwino.

Lamlungu ndinayamba ntchito. Wajekete anatola pepala patebulo, limene kunena zoona linali lipoti la dokotala.

“Akuti apeza kalata yakale ya kumudzi,” ndinatero. “Ikuoneka kuti pa kabadwe ka awiriwa pali nkhani ina imene akuluakulu—”

Sindinamalize. Wajekete anaponya pepala lija pansi, n'kumukoka wamagalasi, n'kumupsompsona pakamwa. Zaka zinayi foni inkalira pa nthawi yake, koma tsiku limenelo inangoti chete. Anapsompsonana mosafulumira, ngati anthu amene alibe kopita.

“Astaghafirullah!” Mayi a pagolosale anadzuka, mtedza n'kumwazika. “Ndinkadabwa ine! Munthu kumagwira zigawenga sabata iliyonse osaphonyako? N'chizimba chimenechi. Anakhwimira mlongo wake!”

“Ndi asuweni!” ndinakuwa pazenera. “Kalata ija ikuti ndi asuweni!”

“Asuweni a bere limodzi munawaona kuti, aphunzitsi?”

Apongozi anadzuka pang'onopang'ono, anamasula chitenje chapamwamba n'kuphimba TV ikulankhulabe. Kenako anati, “M'nyumba mwanga muno malaulo ayi.” Anakoka katani, ine n'kutsala ndikuyang'ana maluwa a pansalu.

Ma Lamlungu awiri anadutsa TV ili chiphimbire. Folo koloko ikakwana, apongozi ankatenga khasu n'kupita kudimba, chinthu chimene sankachita pa tsiku la Mulungu. Mkazi wanga anasiya kuseka. Anandiuza kuti amayi ake sakudya bwino, ndipo anawamva akudziyankhulira kuti achimwa, ayerekeza malemu achimwene awo ndi munthu wonyansa. Zimenezo zinandipweteka kuposa manyazi anga. Ndinanama pofuna kuwalemekeza, koma bodzalo linakadetsa munthu wa kumanda amene sanandilakwire.

Gawo lomaliza linali Lamlungu lotsatira. Mwambo ukanafuna kuti nditume munthu, koma wotumidwa anali atakana kale. Loweruka masana ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusankha mbatata. Ndinanjuta patali, pafupi ndi nkhokwe, nditayang'ana kuphiri, n'kuyamba kuuza nkhokweyo zonse. Ndinati awiri aja si pachibale ndipo sanakhalepo pachibale. Ndinati ndi anthu ogwira ntchito limodzi amene ankafunana kuyambira pachiyambi, ndipo ine ndinachita manyazi kunena.

Mbatata zinasiya kugwera m'dengu.

“Za feteleza zija?”

“Ndinapeka, amayi.”

“Amalume aja?”

“Kulibe.”

“Nanga amayi awo odwala?”

“Nawonso kulibe.”

“Aphunzitsi,” anatero, “amayi amenewo ine ndakhala ndikuwapempherera.”

Ndinalakalaka nkhokwe ija itandigwera. Ndinadikira kuti andiuze kuti ndilongedze katundu ndibwerere kwathu, kapena ndikagwire tambala wa chindapusa. Mbatata zinayambanso kugwera m'dengu, imodziimodzi.

“Mawa mubwere nthawi yake,” anatero.

Lamlungu ndinakhala pampando wanga katani atatsegula. Mayi a pagolosale anafika msanga, nkhani yonse atamva kale, akulengeza kuti iwo anadziwa kuyambira kalekale chifukwa mlongo sayang'anidwa choncho. Anakhala pansi n'kutambasula dzanja kuti achotse chitenje pa TV.

“Chisiyeni,” anatero apongozi.

“Iii, anzanga, lero ndi lomaliza! Simufuna kuona bwana wa mimba uja akumangidwa?”

“Azunguwo akwatirane, n'zawo. Ine sindinkatsatira amenewo.”

Mayi a pagolosale anayang'ana mnzawo, anayang'ana ine, n'kunyamula mtedza wawo kuthamangira kumsewu, kumene ometa tsitsi anali ndi TV. Ndinamva mawa lake kuti chigawenga chija chinali dokotala wa sikono uja. Apongozi analondola, koma sanafunse n'komwe.

Titatsala awiri, anakonza mpando wawo monga mwa masiku onse, kuyang'ana chitenje chija.

“Ine ndinkatsatira munthu ndi mlongo wake,” anatero. “Munaiyamba ndinu nkhaniyo. Imalizeni.”

Ndinakhosomola. Mabodza onse amene ankabwera okha zaka zinayi anandithawa tsiku limenelo, moti ndinayamba mopunthwapunthwa. Ndinati wajekete anagwira chigawenga chija, boma linamuthokoza, iye n'kupuma pa ntchito. Ndinati mlongo wake anali atakwatiwa kumudzi wina kutsidya, ndiye tsiku lina anakwera galimoto yake kukamuona.

“Galimoto aitenga kuti? Anapita panjinga.”

“Panjinga, amayi.”

“Atanyamula chiyani?”

“Shuga ndi sopo.”

“Ayi. Mbewu ya mbatata, theka la thumba. Mlongo wakeyo anali woyembekezera, analibe mbewu chaka chimenecho.”

“Mbewu ya mbatata,” ndinavomera. Ndinati anafika bwino, anacheza tsiku lonse, anaseka za paubwana wawo.

“Kenako mvula inagwa kumapiri,” anatero apongozi. Mawu awo anali atatsika moti ndinachita kusendeza mpando kufupi ndi zenera. “Mtsinje unadzaza. Mlongo wake anamuuza kuti, achimwene, musawoloke lero, gonani konkuno.”

Palibe amene anandiuzapo mmene achimwene awo anafera, ndipo sindinafunikenso kuuzidwa.

“Tsono inu, aphunzitsi, munene kuti anamvera.”

“Anamvera, amayi,” ndinatero. “Analowetsa njinga m'nyumba, n'kugona komweko.”