Vesiti ya Olenji ya Dinko Šarlija

Dinko Šarlija wakhala akuthira phula m'misewu ya kuno ku Ogulin kuyambira pomwe nkhondo inatha. Ndi munthu wamfupi, wadazi, wa mapewa otambalala, ndipo ming'alu ya m'manja mwake siyera ngakhale atasamba ndi sopo wotani. Kunkhondoko anapita ali mnyamata wongomaliza sukulu, n'kubwerako khutu limodzi litagontha. Tsiku lomwe anafika pakhomo anatenthera yunifolomu yake kuseri kwa khola la nkhumba. Za kumeneko sakamba, ndipo asilikali akale akamasonkhana iye sapitako.

Ine ndimayang'anira nawo mpikisano wowombera mfuti womwe kalabu yathu imachititsa chaka ndi chaka m'chigwembe chomwe kale ankaswamo miyala. Si mpikisano woima malo amodzi n'kumatsinzinira chandamale. Munthu amathamanga atavala zitsulo pachifuwa ndi kumsana, amakwawa pansi pa waya waminga, amagubuduza matayala, kenako mtima uli thithithi ndi pomwe amayenera kuwombera mbale yachitsulo yomwe ili kutali. Ntchito yanga ndi kuthamanga pambuyo pake ndi kawotchi kowerengera nthawi, n'kumaonetsetsa kuti mfuti yake sikuloza kumene kuli anthu.

Amene anamukokera Dinko kwa ife, mosafuna, anali mkamwini wake Borna, mlembi wa kalabu yathu. Borna ndi mnyamata wa makompyuta, wopanda mtima woipa, koma zida zimamupengetsa. Lamulungu lina anapita kukadya kwa apongozi ake atanyamula vesiti yatsopano ya mabalamabala ngati ya asilikali, kuti akaonetse. Dinko anainyamula, n'kufunsa ngati munthu angathamange nayo. Borna anaseka n'kunena kuti masewero amenewa si a anthu omwe maondo awo amalira akamadzuka pampando. Jasenka, mkazi wa Dinko, anandiuza kuti mwamuna wake anangopitiriza kudya kabichi wake. M'mawa mwake anapita kukafunsa za chilolezo cha mfuti ya masewero.

Anakonzekera nyengo yonse yozizira. Akaweruka kuntchito ankakweza matumba awiri a simenti mu wilibala n'kumaikankha kukwera chitunda cha kuseri kwa nyumba yake, chipale chofewa chikumuterereza. Akafika pamwamba, mpweya ukuperewera, ankagona pansi n'kuloza mfuti yopanda zipolopolo pa kachitsekerero ka botolo komwe anakhomera pamtengo. Ankati kuwombera aliyense angathe, chovuta ndi kuwombera manja akunjenjemera. Loweruka ankabwera kuchigwembe kudzawombera zenizeni. Kunena zoona sanali katswiri. Maso anali atayamba kumukana, magalasi ankachita nkhungu akatuluka thukuta, ndipo mbale zakutali ankaziphonya kawirikawiri. Akaphonya ankatukwana motsitsa n'kuyambiranso.

Zida anadzipangira yekha. Malamulo amati vesiti ikhale ndi zitsulo zofika muyeso wakutiwakuti pa sikelo. Iye anadula zitsulo ziwiri pa mpeni wakutha wa giledala, anazisalaza m'mbali ndi tupa, ndipo Jasenka anazisokerera mkati mwa vesiti yake ya kuntchito, ya olenji ija yokhala ndi mizere yonyezimira. M'maondo anavala zotetezera za amisiri oika matailosi, kumapazi majombo a kuntchito, kumutu chipewa cholimba choyera cha pamsewu. Tsiku loyamba kuziyesa, zitsulo zinamusenda khungu m'nthiti. Jasenka anang'amba bulangete lakale n'kuikamo, akudandaula kuti anakwatiwa ndi bulu.

Mpikisano utayandikira, sitolo ina yogulitsa zida inalonjeza kupereka mphatso ndi kutumiza wojambula. Inapempha chinthu chimodzi, kuti onse ovala zitsulo avale mitundu ya asilikali, zithunzi zikaoneke bwino. Komiti inavomera, ndipo Borna ndiye analemba lamulolo. Anamuimbira Dinko kumufotokozera. Dinko anati wamva, n'kufunsa ngati adzabwere Lamulungu kudzadya.

Patsiku la mpikisano kunagwa mvula yamawawa kuyambira m'mamawa. Chigwembe chinadzaza anyamata obiriwira ndi otuwa, ena atadzipaka zakuda kumaso, ndipo pakati pawo panatulukira Dinko akuwala ngati dzungu lakupsa. Mnyamata wina wa ku Zagreb anamufuulira kuti, "Madala, mwasochera. Msewu wokumbika uli uko."

"Ndabwera kudzakwirira maenje omwe mugweremo," anayankha Dinko osatembenuka.

Vesiti yake ndinaiika ndekha pa sikelo, ndipo inapitirira muyeso. Apo Borna anafika, nkhope itafiira, n'kumukokera pambali. Ine ndinali pafupi, ndinamva zonse.

"Apongozi, musandichititse manyazi. M'galimotomu muli malaya ena ndi vesiti yanga yakale. Ingovalani lero lokha."

"Zimenezo ndinavalapo kale, mkamwini. Sizinandikhale."

"Awatu ndi masewero chabe."

"N'chifukwa chake ndavala za masewero. Iwe ukufuna kuoneka ngati msilikali, oneka, sindikukuletsa. Ine ndabwera kudzathamanga ndi kudzawombera chitsulo. Chitsulo sichiona mtundu wa malaya."

Komiti inakambirana pansi pa tenti, mwini sitolo atapinda manja pambali. Ena amati abwezedwe, ena amati kubweza munthu yemwe anamenyadi nkhondo chifukwa chokana kuvala ngati msilikali kudzatiseketsa tauni yonse. Anagwirizana zapakati: athamange, koma dzina lake lisalembedwe pa zotsatira, ndipo wojambula asamujambule. Anandituma ine kukamuuza. Dinko anati dzina lake amalidziwa kale, n'kundifunsa kuti ayambire pati.

Kawotchi katalira, ananyamuka ngati mmene amakankhira wilibala, mutu pansi, osafulumira koma osaima. Pansi pa waya waminga anakwawa bwino, ngakhale vesiti inakodwa n'kung'ambika kumsana. Pagawo loponya chitsulo cholemera, pomwe munthu amagona pamene chagwera n'kuwombera asanachiponyenso, anaposa anyamata ambiri chifukwa mkono wake unkaponya patali. Koma magalasi anadzaza matope. Anawapukuta ndi chala, anangowonjezera. Mbale yakutali anaiphonya mpaka zipolopolo zinatha, anasintha magazini ya zipolopolo, n'kuiphonyanso. Kenako inalira ngwee! Ndipo aja ankamuseka m'mawa anamuwombera m'manja.

Gawo lomaliza ndi la chidole. Ndi chidole chodzaza mchenga, cholemera ngati munthu wamkulu, chovekedwa yunifolomu ndi majombo, ndipo amati ndi mnzako wovulala. Aliyense amachigwira lamba wa pakhosi n'kuchikhwekhwereza chagada kutsika kamtsetse ka miyala, mutu wake ukugunda pansi, mpaka pamzere. Dinko atafika anaima n'kuchiyang'ana. Ndinamufuulira kukhutu lake labwino kuti agwire lambayo akoke, nthawi ikutha. Sanandiyang'ane. Anakoloweka mfuti kumsana, anagwada, anachidzutsa chidolecho n'kuchikhazika, kenako analowetsa phewa pansi pa mimba yake. Kawiri konse anayesa kuimirira n'kugwa. Kachitatu ndinamva bondo lake likulira kuti thwa, koma anaimirira. Anatsika nacho kamtsetseko phazi ndi phazi, chitapingasa pamapewa pake, ndipo pamzere anagwadanso n'kuchitsitsa pang'onopang'ono, dzanja limodzi litachirikiza mutu. Mnyamata wina anayamba kuseka, mnzake anamugunda ndi chigongono. Borna anali ataima pamwamba pa kamtsetseko, chisoti chili m'manja.

Panatsala kuwombera mbale imodzi ya pafupi. Anaiwombera, anandionetsa kuti mfuti ilibe chipolopolo monga mwa lamulo, kenako anapita kuseri kwa tchire kukasanza. Atabwerako ndinamufunsa chifukwa chake sanakoke, popeza anataya nthawi yambiri. Anati munthu sakokedwa choncho. Ndinamukumbutsa kuti ndi thumba la mchenga. Anati ndiye tisamaliveke majombo.

Madzulo tinadya nyemba ndi soseji za mumphika waukulu wa kalabu, mphatso zikugawidwa pansi pa tenti. Dinko anakhala payekha pa tayala, mwendo atauwongola, bondo litatupa ngati mpira. Ndinamutengera mbale ndi kagalasi ka rakiya, kachasu wa kuno. Ngakhale sindinaloledwe kulemba nthawi yake, kawotchi kanga kanali kataisunga, ndiye ndinamuuza kuti akanalembedwa akanakhala chapakati, pansi pang'ono.

"Wondipitirira pang'ono ndani?" anafunsa.

Ndinazengereza, kenako ndinamuuza kuti ndi Borna.

Anatafuna nyemba zake kwa kanthawi, maso ali kutenti komwe mkamwini wake ankawerenga mayina. "Ukamuuze kuti ayambe kuthamanga," anatero. "Chaka chamawa ndigula magalasi ena."

Lamulo la mitundu ya asilikali silinachotsedwe mpaka lero, ndipo Borna akuti sangalisinthe chifukwa cha munthu mmodzi wamakani, ngakhale atakhala apongozi ake. Lamulungu amadyerabe pamodzi, n'kumakangana za mpira. Dokotala anamuuza Dinko kuti bondolo likufunika opaleshoni, iye anati adzabwera mpikisano wina ukadutsa. Jasenka atamva zimenezo anachotsa zitsulo zija mu vesiti, anazikwirira kumunda, n'kulumbira kuti singano yake sidzakhudzanso chinthu chimenecho. Dinko sanakangane naye. Anadula zitsulo zina kuntchito, anapempha vesiti yatsopano kwa kapitawo wake, n'kupita nazo kwa mwana wake Lovorka, mkazi wa Borna. Lovorka anazisokera patebulo la m'khitchini mwake, mwamuna wake akumugwirira nsalu kuti isaterereke pamakina.