Voti ndi Yawo, Dzanja ndi Langa

Lamulungu lapitali azakhali anga analowa m'tchalitchi ku Bandawe atavala mutu wa munthu kumbuyo.

Ndifotokoze bwino, mungandiitanire apolisi. Azakhali amenewa ndi mlongo wawo wa malemu bambo anga. Ife timawatcha Ankhazi monga timachitira kuno kwa Atonga, ndipo anzawo amawaitana kuti Nyamanda. Maso awo anazima zaka zingapo zapitazo chifukwa cha matenda a shuga, koma kutchena sikunazime. Mumatidziwa ife a ku Nkhata Bay: tingagone ndi njala, koma malaya akhale ositidwa. Ankhazi nsalu amaisankha ndi zala, kuinunkhiza, kenako n'kufunsa munthu wamaso kuti yajambulidwa chiyani.

Ndiye pali mng'ono wanga Yotamu. Mwezi wonsewu wakhala akuthamanga ndi kampeni ya bambo wina wadazi amene ankafuna ukhansala pachisankho chapadera chimene tinali nacho Lachiwiri. M'mawa wa Lamulungu anafika kwa Ankhazi ndi kaphukusi.

"Ankhazi, ndakubweretserani chitenje chatsopano."

"Yewu, mwana wa mlongo wanga. Chajambulidwa chiyani?"

"Maluwa, Ankhazi. Maluwa aakuluakulu."

Anachigwiragwira, chinali cholimba bwino. Anachikulunga m'chiuno, Yotamu n'kuwakweza kabaza wa njinga yamoto wolipiriratu, ulendo wa kutchalitchi munthu wina aliyense asanawaone.

Nthawi yachopereka Ankhazi sathamanga. Amayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, kuti mpingo uone zimene avala. Ndipo mpingo unaonadi. Kumbuyo kwawo kunali bambo wadazi uja, mano onse pamtunda, akumwetulira akhristu benchi ndi benchi. Ankhazi akaponda, iye n'kugwedeza mutu. Akapondanso, n'kugwedezanso. Akwaya nyimbo inawasokonekera, wina anachita kutuluka panja ngati watsamwa.

Mapemphero atatha, mnzawo wa mu Umanyano, gulu la amayi a mpingo, dzina lake Nyachirwa, anawakokera pambali.

"Nyamanda, ndale mwayamba liti?"

"Ndale zanji?"

"Bambo mwamubereka kumbuyoyu."

"Ada Chiuta! Si maluwa?"

"Duwa lake n'losalala ndithu. Lili ndi makutu."

Anakachitembenuza chitenjecho kuseri kwa tchalitchi, koma nkhope ija inkaonekabe mozimiririka ngati mzukwa. Anabwerera kunyumba choncho.

Sindinama, nditamva nkhaniyi ndinaseka mpaka misozi. Ndinapita kwawo madzulo ndikusekabe. Ndinawapeza atakhala pakhonde, chitenje chija atachipinda n'kuchiika pansi pa mwendo wa mpando.

"Seka, seka ndithu," anatero. "Koma pachisankho chathachi amene analowa nane kokavota ndi Yotamu yemweyu. Ngati dazi angalitche maluwa, papepala paja anachonga chiyani?"

Kuseka kwanga kunathera pomwepo.

Tiyeni tikambirane pang'ono, owerenga anzanga. Malamulo aakulu a dziko lino amanena momveka kuti munthu aliyense woyenerera ali ndi ufulu wovota, wovota mwachinsinsi, komanso woimira paudindo. Amaletsanso kusala munthu chifukwa cha ulumali. Palibe pamene analemba kuti wosaona akhale kunyumba, wosamva azikazinga chimanga, woyenda panjinga ya olumala adikire zotsatira pawailesi. Pankhani ya thanzi, amene amaletsedwa ndi yekhayo amene lamulo lamugamula kuti mutu wake sukuyenda bwino. Mwamva? Lamulo. Osati kondakitala wa minibasi, osati amayi apamjigo, osati mlamu wanu amene munakangana naye za malire a munda wa chinangwa. Kukanakhala kuti chigamulo cha pamsika wa Chintheche chimawerengedwa, bwenzi m'boma lonseli mukuvota anthu osadzaza ndi bwato lomwe.

Kwa wosaona, malamulo a chisankho amati asankhe yekha munthu wolembetsa kuvota woti alowe naye, amuchongere mokhulupirika ndi kusunga chinsinsi. Ndi lamulo labwino. Kungoti wolilembayo sankamudziwa Yotamu.

Pofika Lolemba m'mawa mudzi wonse unali utamva kuti Yotamu wachotsedwa ntchito yolowa ndi Ankhazi kokavota, ndipo malo ake ali pululu. Eee, abale, chikondi chimene chinagwa pakhomo la Ankhazi! Anthu amene chaka chonse amadutsa mwakachetechete kuti asatumidwe madzi, tsiku limenelo ankapereka moni ali kumsewu. Wina anabwera ndi usipa, wina kondowole wotentha, wina anasesa pabwalo posesa kale. Ena ankafuna votiyo. Ena, tinene zoona, ankangofuna mwendo wachidule, paja munthu waulumali saima pamzere, ndipo womuperekeza amalowera limodzi. Tsiku lachisankho munthu wosaona amasanduka tikiti.

Ankhazi analandira zonse. Usipa anadya, kondowole anadya, yankho sanapereke.

Ine nditafika anandikhazika pansi.

"Tandiuza. Chitenje chija, bamboyo akuoneka bwanji?"

"Ali ndi dazi, Ankhazi, ndiponso mpata pamano."

"Unali pati mpatawo nditavala?"

"Akuti pakati penipeni."

Anapuma mozama. "Nanga ineyo masiku ano ndikuoneka bwanji? Anthu onsewa akuti ndikuoneka ngati mtsikana."

Ndinayang'ana kumwamba, kunalibe thandizo.

"Mutu wayera wonse, Ankhazi. Ndipo bulauzi mwavalayi ili ndi dontho la msuzi wa usipa."

Ndinayamba kuyang'ana njira yothawira.

"Iwe ulibe ulemu," anatero. "Unabadwa choncho. Mawa udzanditenge."

Ntchito ndinaipeza motero.

Ndili pomwepo Yotamu anatulukira, akuti kudzapepesa. Kupepesa kwake kunali kwa mtundu uja wakuti chitenje n'chitenje basi, chinakufundani, vuto lili pati. Ankhazi anamuuza kuti pachisankho china chamtsogolo adzaima okha paukhansala, ndipo iye adzavala nkhope yawo kumbuyo kwa buluku kuchokera pa Chintheche mpaka ku Limphasa, wapansi.

Yotamu anaseka. "Ankhazi, khansala wosaona? Maenje amumsewu muzidzawaona bwanji?"

"Amaso awiriawiri munawasankha aja anawaona? Ine maenje a msewu uno ndimawadziwa onse. Ena ndinagonamo."

"Koma lamulo limafuna wodziwa kuwerenga Chingerezi."

"Chingerezi ndinachiwerenga pa Bandawe iwe usanabadwe. Chimene chinathawa ndi maso, osati Chingerezi."

Apa Yotamu, ngakhale ankanena mwachipongwe, anakhudza malo enieni. N'zoona kuti wofuna uphungu kapena ukhansala amayenera kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti athe kutenga nawo mbali pazokambirana. Koma kuwerenga n'kwa maso okha? Wowerenga timadontho ndi zala sakuwerenga? Wolankhula ndi manja sakulankhula? Ine si loya, koma ndikaika mawu amenewa pambali pa aja oletsa tsankho, sindikuona khomo lotsekedwa. Amene timatseka ndi ife. Mpando wa komiti ya kudoko, wa komiti ya sukulu, ngakhale wa msungichuma wa kwaya, munthu waulumali akangokweza dzanja timayamba kumumvera chisoni mokweza. "Mudzavutika, ada. Maulendo ndi ambiri." Chifundo chathu chimagwira ntchito imene lamulo linakana kugwira. Ndi angati mwa ife amene tinayamba tachongapo dzina la munthu woyenda ndi ndodo, osati pomumvera chisoni, koma chifukwa tinamva mfundo zake?

Lachiwiri tinapita. Malo ovotera anali pasukulu yapulaimale, mzere utazungulira mtengo wa mango, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja mpaka mapepala ankachita kutsindiridwa ndi miyala. Ankhazi anavala chitenje chakale chimene amachidziwa kuyambira maso ali bwino. Tinadutsa mzere wonse, ine nditawagwira pachigongono, ndipo sindibisa, ndinayenda ngati nduna. Wina pamzere anakuwa kuti, "Nyamanda, maluwa aja mwawasiya kuti?" Iwo anayankha kuti akuthiriridwa.

Pakhomo la kalasi panali masitepe. Ankhazi anawakwera powerenga ndi ndodo. Ndikuwathandiza ndinadzifunsa kuti wa njinga ya olumala akafika apa amatani. Yankho ndinaliona potuluka: amanyamulidwa ndi anthu anayi ngati thumba la mpunga, anthu akuonerera, kenako tonse n'kunena kuti ufulu wake walemekezedwa.

Mkati, mayi wina woyendetsa chisankho anatilandira mwaulemu. Ankhazi anamufunsa za kachipangizo kamene anamva pawailesi, kokhala ndi timabowo, kamene munthu wosaona amaika pamwamba pa pepala n'kupeza yekha pochonga. Mayiyo anati nayenso anamvapo, koma pamalo pathupo panalibe. Anawafunsa ngati ine ndinali munthu amene asankha okha.

"Ndi yemweyu. Sindinapeze wabwino."

Tinalowa m'kachipinda kakatoni kovoteramo kaja. Kanapangidwira munthu mmodzi, ndiye ine theka linali panja. Mamonita a oimira onse anayi anatalikitsa makosi ngati akakowa. Ndinawerengera Ankhazi mayina onse motsitsa mawu, iwo n'kundikokera khutu pafupi ndi pakamwa pawo, n'kunong'ona dzina.

"Ndani?"

Ananong'onanso.

"Ankhazi, ameneyo?"

Ananditsina pamkono mpaka ndinaona nyenyezi masana.

Musandifunse dzinalo. Mkazi wanga wafunsa, Yotamu wafunsa mpaka kundilonjeza chambo, onse ndawakana. Chimene ndinganene n'chakuti si amene ine ndinamuvotera, ndipo pamaso panga munthuyo sangayendetse ngakhale mpikisano wa bawo.

Ndiye ndinaima pamenepo, cholembera m'dzanja. Dzina la munthu wanga linali pompo, kabokosi kake kali mbee, kakundiyang'ana. Ndani akanadziwa? Mamonita sakanaona. Mayi woyendetsa chisankho sakanaona. Mwini voti sakanaona. Ndinachita mantha, osati chifukwa ndinkafuna kuba, koma chifukwa ndinaona kuphweka kwake. Kuba nkhuku n'kovuta kuposa pamenepa, chifukwa nkhuku imalira.

Ndinachonga pamene ananena.

"Wachonga?"

"Ndachonga, Ankhazi."

"Pati?"

Ndinatenga chala chawo n'kuchiika pamalopo. Anasisita pamenepo, n'kusisita pamwamba pake, n'kusisita pansi pake. Anatembenuza pepalalo n'kusisitanso kuseri. Kenako analipinda okha bwinobwino monga amapindira mpango wa kutchalitchi, ndinawalondolera kubokosi, n'kuponya ndi dzanja lawo.

Anthu amene anali m'kalasimo anamwetulira, wina mpaka anaomba m'manja pang'ono. Tonse tinamva bwino mumtima kuti dziko lathu likuyenda, ngakhale agogo osaona akuvota. Timakonda zimenezi ife, chithunzi chabwino chotipatsa mtendere. Koma taganizani, inu amene munavota nokha. Mutauzidwa kuti chisankho chikubwerachi muzikanong'oneza mlamu wanu, iye n'kukachonga inu mutatembenukira kukhoma, mungavomere? Simungayende mpaka kuboma kukadandaula? Nanga bwanji kwa mnzathu tikuti zakwanira, pamene chosowa n'kachipangizo kotchipa kuposa zitenje zimene zimagawidwa pamsonkhano umodzi wa kampeni?

Pobwerera sitinakwere kabaza. Ankhazi anati akufuna kuyenda, ndiye tinatsata m'mphepete mwa msewu, malole akutiwomba mphepo, iwo atakweza chala chainki m'mwamba kuopa kudetsa bulauzi. Ndinayesa kuwaseketsa, osatheka. Kenako ndinalephera kupirira.

"Ankhazi, ndinachonga pomwe munanena. Ndikulumbira."

"Ndikudziwa, mwana wa mlongo wanga. Iwe bodza sulitha."

"Nanga bwanji mwakhumudwa?"

Anaima, n'kupapasa ndi ndodo m'mphepete mwa dzenje lina, n'kulilambalala.

"Pepala lija linali losalala paliponse," anatero. "Inu nonse lero mwavota. Ine ndangokhulupirira."