Masipika a Saulosi

Tsiku limene anamuthamangitsa m'chipinda chake cha lendi ku Chatsworth, m'dziko la eni kutali ndi Malawi, Saulosi anakhala m'mbali mwa msewu ndi chikwama chimodzi ndi masipika awiri atsopano. Mvula inkawaza. Anavula jekete n'kufunditsa masipikawo, iye n'kumanyowa.

Ntchito ya kufakitale ku Mobeni inali itatha. Kandalama kotsala anagulira masipika kuti aziliza nyimbo m'maukwati, ndipo ukwati woyamba, wa Amalawi anzake, anali ataupeza kale. Koma wogulitsa, a Abasi a ku Mangochi, anamuchenjeza: "Sipika yatsopano imakhala youma, achimwene. Muziiliza motsitsa masiku angapo kuti ifewe. Mukaikweza lero lomwe, ing'ambika."

Saulosi anamvera. Kulakwa kwake n'kwakuti analiza zimene zinali m'foni mwake, makwaya a kwawo ku Ntcheu. Zaka zonsezi anthu apamalopo ankangomudziwa ndi "yebo" ndi "sharp", timawu tovomerera ta eni dziko, osadziwa kuti ndi Mmalawi. Chipindacho chinali cha malata, ndipo Chichewa chinatulukira panja.

"Eish, kanti ungowaseMalawi?" anafunsa mayi mwini nyumba m'chilankhulo chawo, podabwa kuti Saulosi ndi wa ku Malawi, akuyang'ana anyamata amene anaima pageti. Ankaopa kuti anyamatawo amuotchera nyumba chifukwa chosunga mlendo, choncho anamuuza kuti achoke: "Hamba, mntanami."

Munthu kuthamangitsidwa chifukwa cha nyimbo ya Mulungu! Zinamupweteka kwabasi. Anaganiza zogulitsa masipikawo, akwere basi ya kumudzi chimanjamanja.

Koma anawasenza mpaka ku Point, kusitolo ya a Abasi.

"Sindikupempha chakudya, bambo. Mundibwereke soketi ya magetsi yokha."

"Makwayawo si achipembedzo changa," anatero a Abasi, "koma chilankhulocho n'changa. Lizani pakhomopa."

Saulosi ankagona pamakatoni kuseri kwa sitolo, kukacha n'kumawaliza motsitsa masipikawo. Odutsa ena anayamba kuchedwa pakhomopo, kunamizira kuona katundu. Mayi wina wantchito za m'nyumba ananong'ona, "Takwezaniko pang'ono."

"Sanafewe, mayi."

Mayiyo anatenga nambala yake. Enanso anatenga.

Patsiku la ukwati, Saulosi anakweza mawu mpaka mapeto. Masipika sanang'ambike. Anthu amene m'tekisi amangoti zii poopa kudziwika kuti ndi Amalawi anaimba mokuwa, ena misozi ili mbwee.

Lero Loweruka silimudutsa osaitanidwa. Koma ndisakunamizeni, mantha aja sanathe: m'chipinda chimene akukhala tsopano, nyimbo za kwawo amamvera pa mahedifoni, m'makutu mwake mokha.

Inu amene dziko lakutembenukirani kuno kutali ndi kwanu, lirani ngati zafika polira. Koma chimene chakutsalirani m'manja, musachigulitse. Limbani mtima.